Kwa achemwali amene malipiro a amuna awo akuthera pa kandege

Achemwali, ndawerenga zonse mwalembazi: kuti malipiro a bambo akunyumba sakufikanso pa 5 mwezi ukayamba, kuti usiku amafunda bulangete mpaka kumutu n'kumasewera kandege, juga ya pa foni yotchedwa Aviator, komanso kuti pano akukuchondererani mukatenge ngongole ku banki m'khonde kuti abweze ya katapila, ati ndi komaliza. Mwafunsa ngati muwatengere ndalamazo kapena mukauze ankhoswe. Ine sindizungulira. Ngongoleyo musatenge, ndipo ankhoswe amve nkhaniyi sabata yomwe ino.

Ndaona ena m'makomentimu akuti ndalama ndi zawo, asiyeni. Ena akuti anawalodza. Alamu athuwo sanalodzedwe, komanso nkhani yawo yasiyana kale ndi ya munthu amene amabetcha K500 tsiku limene Maule akumana ndi Manoma, akadyedwa n'kuseka, mawa lake osaikumbukanso. Wotereyu amadziwa kuti walipira chisangalalo, ndalamayo anali ataiwerengera kale kuti ndi yotaya. Pomwe pamayambira vuto m'pamene munthu akubetcha kuti abweze zomwe wadyedwa. Akafika apo amayamba kukweza ndalama, kunama za komwe malipiro apita, kukongola uku ndi uku, kupinyolitsa katundu, kupsa mtima mukangoyandikira foni yake, ndipo amalumbira kuti wasiya koma Lachitatu silifika. Pa zomwe mwafotokozazi, pafupifupi zonse zilipo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika vutoli m'gulu la matenda, pamodzi ndi zizolowezi zina zomwe munthu amalephera kuzisiya ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Chibaba chake n'chenicheni. Sindikunena izi kuti muwakhululukire bodza ayi, koma kuti mudziwe kuti kulumbira kokha, ngakhale atagwira Baibulo, sikungawachiritse.

Ndikuuzeniko za kandegeko, chifukwa mawu oti "ndatsala pang'ono kuzibweza" amamveka anzeru kwa munthu amene sanawerengerepo. Masewera a Aviator, opangidwa ndi kampani ya Spribe, eni ake amanena poyera kuti amabweza 97 pa 100 iliyonse ya ndalama zomwe anthu onse aikapo. Zitatuzo n'zawo. Zimaoneka zochepa, koma kandege kamanyamuka kangapo pa mphindi zochepa. Munthu woika K5,000 ulendo uliwonse, akasewera ka 200 usiku umodzi, wazunguliza K1,000,000 ngakhale m'thumba anali ndi K50,000 yokha, chifukwa zomwe wadya amazibwezeranso momwemo. Pa miliyoni imeneyo, gawo la kampani ndi K30,000. Apo ndiye kuti sanakumane ndi tsoka lililonse, masewerawo angoyenda mmene anawapangira. Mwayi woti kandege kafike pa x2 kasanathawe, kutanthauza kuti ndalama yomwe waika ichuluke kawiri, sukwana theka, woti kafike pa x10 sukwana kamodzi pa maulendo khumi. Ndipo kalibe chikumbumtima: kakagwa msanga kasanu motsatizana sindiye kuti kachisanu ndi chimodzi kapita patali. Anyamata omwe amagulitsa "ma signal" pa WhatsApp ndi Telegram akanakhala kuti amadziwa pomwe kathawire, sakanavutika n'kupempha K3,000 ya munthu.

Matikiti a mpira nawonso n'chimodzimodzi. Ikani matimu khumi pa tikiti imodzi, iliyonse ikhale ndi mwayi wa 70 pa 100 woti ipambana, omwe ndi mwayi waukulu ndithu mu mpira. Mwayi woti onse khumi apambane sukwana 3 pa 100. N'chifukwa chake pa shopu yobetchera mumamva nyimbo imodzimodzi Lolemba lililonse, munthu atagwira kapepala akulozera anzake kuti "taonani, yandiphera ndi timu imodzi yokha". Kuphonya pang'ono koteroko n'komwe kumam'bweza mawa, amaona ngati anali pakhomo penipeni.

Tsono za ngongole. Mukakatenga ndalama ku banki m'khonde, dzina lolembedwa m'buku ndi lanu. Tsiku lobweza likakwana, amayi anzanu adzabwera pakhomo panu kudzanyamula mipando ndi mbaula, ndipo manyazi adzakhala anu. Choopsa kuposa apo n'chakuti munthu wa juga akam'bwezera ngongole mwachinsinsi, amapuma, wakatapila uja amam'khulupiriranso, ndipo mwezi usanathe ngongole yatsopano yabadwa. Nthawi zina ndalama yomwe mwapereka kuti akabweze siifika n'komwe, amati ayambe aichulukitsa kaye panjira. Kuthira madzi m'dengu, achemwali. Ngati banja lagwirizana kuti ngongoleyo ibwezedwe, ibwezedwe poyera, pang'onopang'ono, kuchokera pa malipiro awo, ndipo wopereka ndalama kwa mwini ngongole akhale munthu wina, osati iwo.

Ankhoswe akabwera, pasakhale pa mlandu wongonyozana. Chofunika choyamba ndi pepala ndi cholembera: ngongole zonse zilembedwe, kwa ndani, zingati, chiwongoladzanja chake chotani. Konzekerani mtima, chifukwa yomwe akuuzaniyo kawirikawiri siikhala yokhayo. Funsani za adivansi ya kuntchito, za ngongole za pa foni, za anzawo, komanso komwe kuli khadi la ATM, poti akatapila ambiri amasunga khadi ndi PIN yomwe kuti azidzitapira okha pa tsiku la malipiro. Ngati chiwongoladzanjacho n'chopyola muyezo, dziwani kuti makhoti m'Malawi muno ali ndi mphamvu yowunikanso ngongole zotere, ndipo a Legal Aid Bureau angakuunikireni poyambira.

Chachiwiri, ndalama zichoke m'manja mwawo kwa kanthawi. Malipiro akangolowa, tsiku lomwelo lendi, fizi, magetsi ndi chakudya cha mwezi zilipiridwe, zotsala zikhale kwa inu kapena kwa mbale amene nonse mumam'khulupirira. Iwo azitenga ya minibasi ndi ya nkhomaliro, pamanja, osati pa Airtel Money kapena Mpamba, chifukwa ndalama ikakhala pa foni mtunda wake kukafika pa kandege ndi kudina kawiri basi. PIN yanu isintheni lero, ndipo ndalama za geni yanu zisagone pomwe akudziwa. Ena amati zimenezi n'kuchotsera mwamuna ulemu. Ine ndimaona kuti ulemu umachoka kwambiri tsiku limene alandilodi atulutsa katundu panja ana akuona.

Pafoni pomwepo, makampani ambiri obetcha ali ndi njira yoti munthu adzitsekere yekha akaunti, amati self-exclusion. Achite zimenezi inu mukuona, pa akaunti iliyonse, poti ambiri amakhala nazo ziwiri kapena zitatu. Makampani ovomerezeka amayang'aniridwa ndi Malawi Gaming and Lotteries Authority, MAGLA, ndipo ngati kampani ina ikuzengereza kutseka akaunti, kumeneko n'kokadandaula. Palinso apu yaulere yotchedwa BetBlocker yomwe imatseka masamba a juga pa foni. Koma izi sizitseka chitseko cha shopu ya pamsika, komanso sizingaletse munthu kubwereka foni ya mnzake. Anthu ena zimawathandiza kusiya foni yaikulu kwa miyezi ingapo n'kumayenda ndi ya mabatani. Zonsezi zimagwira ntchito mwini wake akavomera. Akakana, inu tetezani zomwe zili zanu ndi za ana, ndipo musadzione ngati mwalephera.

Uphungu ndi wofunika, ndipo si wa "amisala" monga anthu amanenera. Pa chipatala chachikulu cha boma lanu funsani kwa anamwino kapena madokotala oona za matenda a m'maganizo. Ku Blantyre kuli kiliniki yotere ku Queens, ku Lilongwe kuli ku Bwaila, ku Zomba kuli Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, amathandiza anthu olimbana ndi zizolowezi zovuta kusiya. Abusa kapena ashehe athandize nawo, pemphero silitsutsana ndi chipatala, bola asangoti "lapani" nkhani n'kuthera pomwepo. Inunso mukhoza kupita panokha ngakhale iwo atakana, chifukwa kugona ndi nkhawa ya ngongole ya wina kumadwalitsa.

Pali chinthu chimodzi chomwe sindikufuna muchiphonye. Ngongole za juga zikaphatikizana ndi manyazi, anthu ena amaganiza zodzipha, makamaka masiku omwe chinsinsi chaululika. Mukamva mawu ngati "bola ndingochoka", "mudzapuma ine kulibe", kapena muwaone angoti zii, akugawa zinthu zawo, musaganize kuti akukuopsezani. Afunseni mwachindunji ngati akuganiza zodzichotsera moyo, kufunsa sikum'patsa munthu maganizowo. Chotsani m'nyumba mankhwala a makoswe, a mbewu ndi zingwe, asakhale okha, ndipo tsiku lomwelo mupite nawo kuchipatala ndi mbale wawo. N'chifukwa chake ndikuti kwa ankhoswe mukanene zoona zonse, koma nkhaniyi isafike pa gulu la WhatsApp la banja lonse kuti azilamu aziseka.

Ndipo ngati kukana kwanu kupereka ndalama kungabweretse chibakera kapena kuopsezedwa, musadikire ankhoswe. Pitani ku Victim Support Unit ku polisi yapafupi, ana muwatenge.

Mwina adzasiya miyezi iwiri n'kuterereka tsiku lina, zimachitika kwa ambiri. Zikatero, chomwe muyang'ane ndi chakuti akuuzani okha kapena mwachita kutulukira, ndipo dongosolo la ndalama lija lisasinthe chifukwa choti alira. Anawo nawonso muziwayang'anira: lamulo limaletsa aliyense wosakwana zaka 18 kubetcha, ndiye asamatumidwe kukadulitsa tikiti, ngakhale kukangoonera bambo awo ngati yalowa.