Moto wa pa njinga ndi moto wa pa mafuwa

Funso la sabata ino lachokera kwa wowerenga wina amene amachita kabaza wa njinga yamoto pakati pa Namwera ndi Chiponde. Akuti anzake a kutsidya ku Mandimba njinga yomweyo amangoitchula kuti mota, ena moto, ndipo mmodzi anamuuza kuti ife Amalawi tinabwereka mawuwo kwa Apwitikizi. Akufunsa: kodi moto wa mu "njinga yamoto" ndi wathu kapena ngwobwera?

Achimwene, musade nkhawa, moto ndi wathuwathu. Mawuwa analipo kalekale Mpwitikizi asanaponde m'mbali mwa Zambezi. Umboni wake uli m'kamwa mwanu momwemo. Timati kuwotha moto, ndipo mukamvetsera bwino mupeza kuti mneni ndi dzinalo n'zochokera pa tsinde limodzi: moto ndi chinthu chimene timawotha. Mswahili amati kuota moto. Myao wa kwanu ku Namwera amati mooto, Mtumbuka ndi Mshona amati moto. Mitundu yonseyi sinapangane zokabwereka liwu limodzi kwa mlendo. Inalilandira kwa makolo amodzi.

Moto wa Apwitikizi, Afalansa ndi anthu a ku Italy ulibe chochita ndi malawi kapena utsi. Ndi chidule cha dzina lalitali, motocicleta pa Chipwitikizi, motocyclette pa Chifalansa, ndipo muzu wake ndi mneni wa Chilatini wotanthauza kusuntha chinthu. Ku Kigali mukamva wina akuitana moto, akufuna wakabaza ngati inuyo.

Tsono ife tikamati njinga yamoto, kachilumikizi ka "ya" kakusonyeza mmene Mchewa anaganizira. Anaona njinga ziwiri: ina yofuna miyendo, naitcha yakapalasa, ina yotentha ndi kufuka utsi, naitcha yamoto. Nzeru yomweyi ndi imene tikugwiritsa ntchito lero tikamadandaula kuti foni yatha moto, chonsecho m'fonimo mulibe khala ngakhale limodzi. Kwa ife chilichonse chopatsa chinthu mphamvu chimakhala moto, ndipo ine kalankhulidwe kameneka ndimakakonda zedi chifukwa kakusonyeza kuti chiyankhulo chathu chimatha kulandira zatsopano ndi mawu ake omwe.

Pali china chimene ndikufuna muchidziwe, chifukwa ndi pamene ambiri amapunthwa. Mu Chilingala, chiyankhulo cha ku Kinshasa chimene mungachimve ku Dzaleka, moto amatanthauza munthu. Ambiri amati bato. Yerekezani ndi munthu ndi anthu, kapena mtu ndi watu wa Chiswahili, muona kuti ndi liwu limodzi lomwe lija, limene katswiri wa ziyankhulo wa ku Germany, Wilhelm Bleek, anatengako dzina loti Bantu, lotchulira banja la ziyankhulo zathuzi, m'zaka za m'ma 1850. Ndiye kuti moto wa Chilingala umenewu ndi m'bale weniweni wa munthu wathu, ngakhale pa pepala ukuoneka ngati moto wathu. Mu Chilingala chomwecho, mawu otanthauza mutu komanso moto woyaka amalembedwanso ndi zilembo zinayi zomwezi nthawi zambiri, koma eniake amasiyanitsa pokweza kapena kutsitsa mawu ndiponso pa katchulidwe ka "o". Ifenso timachita zomwezo osazindikira: mtengo wobala mango ndi mtengo wa chambo pa msika wa pa Boma satchulidwa mofanana, ngakhale timalemba chimodzimodzi.

Ku Japan nako moto amatanthauza chiyambi kapena tsinde. Dzina loti Yamamoto ndiye kuti m'tsinde mwa phiri.

N'chifukwa chiyani zimachitika chonchi? Pakamwa pa munthu pamatuluka maliwu ochepa, pamene ziyankhulo pa dziko lapansi zilipo pafupifupi 7,000. Liwu la maphatikizo awiri okha, lopangidwa ndi m, t ndi o, zimene mitundu yambiri ili nazo, silingalephere kupezeka m'malo ambiri. Mawu akatalika mwayi wokumana mwangozi umachepa. Choncho wina akakuuzani kuti liwu lakutilakuti tinabwereka, musangomvera kufanana kwa kamvekedwe. Funsani ngati lili ndi abale ake m'chiyankhulo chathu, monga kuwotha, komanso ngati anansi athu a Chiyao ndi Chitumbuka ali nalo. Mawu obwerekadi kwa Apwitikizi tili nawo, monga nsapato, mbatata ndi fodya, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Pa kalembedwe, lembani njinga yamoto, zikachuluka njinga zamoto. Musasiye liwu loti njinga n'kutsala ndi moto wokha ngati anzanu a ku Mandimba, chifukwa mukauza munthu wa ku Malindi kuti mwagula moto, adzaganiza kuti mukunena machesi.