Gonani ku Gurye kaye musanakwere Jirisan

Achimwene, mwafunsa ngati n'chanzeru kuthera Loweruka ndi Lamlungu m'katauni ka Gurye pa ulendo wanu wokwera phiri la Jirisan ku South Korea, kapena mungofika usiku n'kulawirira kuphiri monga akulangizirani ena. Mwanenanso kuti Mulanje munakwerapo, choncho miyendo simukuikayikira. Ine ndikuti khalani masiku awiriwo. Anthu ambiri amadutsa pa Gurye kudakali mdima, kutsika sitima, kukwera takisi, dzuwa n'kuwatulukira ali kale pamwamba. Akabwerako amakhala ataona miyala ndi mitambo, koma anthu omwe akhala akudalira phirilo kwa zaka mazanamazana osawaona n'komwe, ndipo zimenezi ine zimandiwawa.

Musanagule tikiti, tsegulani kalendala. Msika waukulu wa Gurye sutsata masiku a sabata koma madeti. Umachitika pa deti lililonse lothera ndi 3 kapena 8, ndiye kuti pa 3, 8, 13, 18, 23 ndi 28. Sankhani mapeto a sabata omwe Loweruka kapena Lamlungu lake lagwera pa limodzi mwa madetiwa. Mukaphonya, mudzapeza mashedi ambiri ali otseka ndipo mudzaganiza kuti m'tauniyi mulibe anthu. Dera lonse la Gurye, kuphatikiza midzi yake, lili ndi anthu osafika 30,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi achikulire chifukwa achinyamata anapita kumizinda. Tsiku la msika ndi pomwe agogo a m'midzi ya m'mphepete mwa phiri amatsika pa mabasi a m'mawa ndi zikwama zawo zamateyala, kudzagulitsa ndiwo zamasamba zothyola m'phiri, bowa, tsabola wouma, nyemba, mankhwala a zitsamba ndi uchi. Mumsikamo mulinso amisiri osula makasu ndi zikwakwa. Fikani m'mawa, chifukwa dzuwa likapendeka anthu amayamba kulongedza. Tengani ndalama za m'manja. Khadi imagwira pafupifupi paliponse ku Korea, koma agogo oyala malonda pansi amafuna ndalama yeniyeni. Popereka kapena polandira chinthu kwa munthu wamkulu gwiritsani manja awiri, ndipo mudzaona nkhope zikumasuka ngakhale musakumvana chinenero.

Msika womwewu unamira m'madzi mu Ogasiti 2020, pamene mtsinje wa Seomjin ndi kamtsinje kodutsa m'tauni kanasefukira. Madzi anafika m'madenga, ng'ombe zina zinapezeka zitaima pamwamba pa nyumba, ndipo kagulu kena kanathawa n'kukwera phiri la Osan mpaka kukafika pa kachisi wa Saseongam. Ndikunena izi kuti mukamayenda pakati pa mashedi okonzedwanso aja mudziwe kuti amalonda mukuwaonawo anayambiranso pansi madziwo ataphwera, ndipo kugula kanthu kwa iwo kuli ndi phindu kuposa kudzaza chikwama m'sitolo ya ku Seoul.

Kafikidwe kake n'kosavuta. Sitima zochokera ku siteshoni ya Yongsan ku Seoul zimaima pa Guryegu, koma siteshoniyi siili m'tauni. Ili kutsidya kwa mtsinje, m'dera la Suncheon, ndiye mudzafunika basi kapena takisi kuti mulowe m'tauni. Basi yochokera pa depoti ya Nambu ku Seoul imakutulani pa depoti ya Gurye penipeni pakatha maola atatu ndi kanthu, ndipo pa depoti yomweyo ndi pomwe pamanyamukira mabasi opita ku kachisi wa Chibuda wa Hwaeomsa, ku chigwa cha Piagol ndi ku Seongsamjae, komwe msewu umakwera m'phiri. Mukangofika jambulani pa foni ndandanda ya mabasi yomwe ili pakhoma, chifukwa mabasi a kumidzi ndi ochepa ndipo amasiya kuyenda msanga. Mapu a Naver kapena Kakao ndi amene angakuthandizeni, Google kumeneko imasokoneza oyenda pansi.

Kogona kulipo kosiyanasiyana. Pafupi ndi depoti pali timahotelo totchipirako, ndipo kumunsi kwa Hwaeomsa kuli nyumba za alendo zomwe amazitcha minbak, momwe mumagona pa kamatiresi koyala pansi, pansipo pali potentha chifukwa amatenthetsa ndi mapaipi. Kwa munthu amene akukonzekera kukagona masiku angapo pa thabwa m'phiri, kugona koteroko kumathandiza msana. Kachisi wa Hwaeomsa nayenso amalandira alendo ogona ngati mwasungitsiratu malo, koma konzekani kudya zamasamba zokhazokha ndi kudzutsidwa ndi ng'oma ndi belu kusanache.

Pa Hwaeomsa ndiye ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe anthu amathamanga kwambiri pamene pakufunika kufatsa. Mbiri imati kachisiyu anakhazikitsidwa mu 544 ndi mmonke wina dzina lake Yeongi. Asilikali a ku Japan anamuwotcha pa nkhondo yomwe inayamba mu 1592, ndipo nyumba zomwe mudzaonezo zinamangidwanso m'zaka za m'ma 1600 mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1700. Nyumba yaikulu kwambiri, Gakhwangjeon, kunja imaoneka ngati yosanja kawiri koma mukalowa mkati ndi chipinda chimodzi chachitali, mizati yake ili mitengo yathunthu. Utoto wake unasuluka kalekale ndipo sanaupakenso mowala ngati akachisi ena, moti mtundu wa mtengo umaonekera. Kutsogolo kwake kuli nyali yamiyala yotalika kupitirira mamita 6, yaikulu kuposa zonse zamtunduwu zomwe zatsala m'dzikolo, ndipo mukakwera masitepe a kuseri mudzapeza nsanja yamiyala yonyamulidwa ndi mikango inayi, yosemedwa m'nthawi ya ufumu wa Silla. Kuyambira mu Meyi 2023 salipiritsanso pakhomo.

Chomwe chimandigwira mtima pamalopa ndi chakuti nyumbazi zikanatha kupsa kachiwiri. Kuyambira pa chipwirikiti cha ku Yeosu ndi Suncheon mu Okutobala 1948 mpaka nkhondo ya Korea itatha, m'nkhalango za Jirisan munkabisala zigawenga, ndipo anthu wamba a m'midzi ya Gurye anaphedwa ambiri, ena ndi mbali iyi, ena ndi mbali inayo. Mu 1951 mkulu wa apolisi dzina lake Cha Il-hyeok analamulidwa kutentha Hwaeomsa kuti zigawenga zisamabisalemo. Iye anangochotsa zitseko n'kuwotcha zimenezo, nyumbazo n'kuzisiya. Pakachisipo pali mwala womukumbukira. Agogo omwe mudzakumane nawo pamsika aja, ena mwa iwo anali ana m'masiku amenewo. Musawafunse za nkhaniyi, ndi bala lomwe mabanja ambiri sanalichire, koma ndi bwino kukwera phirilo mukudziwa zomwe zinachitikamo.

Lamlungu, ngati msika munauona kale Loweruka, pitani ku Unjoru, nyumba yakale ya banja lolemera yomwe inamangidwa mu 1776 ndi Ryu I-ju, kum'mawa kwa tauni m'njira yopita ku Hadong. Nyumbayo ndi yokongola, komabe chimene anthu amapitira ndi chimbiya chamtengo chosungiramo mpunga. Banjali linkadzaza mpunga m'menemo n'kuchiika pamalo obisika, pomwe mmphawi akanatha kutsegula kabowo kapansi ndi kutapa osaonedwa ndi eni nyumba. Machumuni a nyumbayi anamangidwanso aafupi, ndipo amafotokoza kuti cholinga chinali chakuti utsi wophikira usaonekere kutali kwa anthu ogona ndi njala. Anthu a kumeneko amakhulupirira kuti khalidwe limeneli ndi lomwe linapulumutsa nyumbayi pa zaka zamavuto zija, pamene nyumba za olemera ena zinkatenthedwa. Njira ya oyenda pansi yozungulira phiri lonse, Dulle-gil, yomwe ndi yotalika pafupifupi makilomita 300, imadutsa m'mudzi womwewo, ndiye mukhoza kuyendako pang'ono m'minda ya mpunga kuti muwongole miyendo osaitopetsa. Madzulo ake kwerani ku Saseongam kuja kunathawira ng'ombe. Kachisiyo anamumata kuthanthwe, ndipo muli pamenepo mumaona mtsinje wa Seomjin ukukhota, tauni yonse, ndi mtandadza wa Jirisan womwe mukayende mawa lake.

Za chakudya musade nkhawa. Kumunsi kwa Hwaeomsa kuli malesitilanti ogulitsa mpunga ndi ndiwo za m'phiri, timbale tambirimbiri todzaza tebulo, koma ambiri amafuna anthu awiri kuti akukonzereni chakudya chimenechi. Mukakhala nokha itanitsani bibimbap, mpunga wosakaniza ndi ndiwo m'mbale imodzi, ya masamba a m'phiri. M'tauni yesani msuzi wa daseulgi, tinkhono ting'onoting'ono ta mumtsinje tomwe amaphika ndi zidutswa za ufa wa tirigu wokanda. Msuziwo umaoneka wobiriwira ndipo umawawirako pang'ono, koma m'mimba umakhazikika bwino. Madzi akumwa ndi ndiwo zoonjezera salipiritsa. Mukaona nsapato zili pakhomo, vulani zanu.

Tsopano za phirilo, chifukwa masiku awiriwa ndi anu okonzekeranso. Jirisan ndi paki yoyamba ya dziko la South Korea, inakhazikitsidwa mu 1967, ndipo nsonga yake yaitali, Cheonwangbong, ndi mamita 1,915. Poyerekeza ndi Sapitwa wa mamita 3,002 muona ngati n'kaphiri, koma kusiyana kwenikweni kuli pa malamulo. Ku Mulanje mumafika pa nyumba ya m'phiri, mlonda n'kukusonkherani moto. Ku Jirisan simungagone pa nyumba yotero musanasungitse malo pa intaneti kudzera ku bungwe loyang'anira mapaki, ndipo malo a Loweruka amatha mofulumira kwambiri. Ichi n'chifukwa china chokhalira m'tauni mapeto a sabata n'kuyamba kukwera Lolemba, pamene khamu la anthu ochokera ku Seoul ndi Busan labwerera kuntchito. Kumanga tenti paliponse n'koletsedwa, kusonkha moto n'koletsedwa, ndipo kuyambira mu 2018 kumwa mowa pa nsonga ndi pa nyumba zogonazo kuli ndi chindapusa. Mumaphika nokha pa kambaula ka gasi, ndipo zinyalala zanu mumatsika nazo. Palinso nthawi yomwe oyang'anira amatseka njira tsiku lililonse, moti mukafika pa chipata mochedwa amakubwezani ngakhale muli ndi malo patsogolo. Kansonga ka Nogodan, ka mamita 1,507, kamafunanso kusungitsa malo pakokha chifukwa akuteteza udzu ndi maluwa omwe anali atawonongeka.

Simunatchule mwezi womwe mukupita, ndipo zimenezi n'zofunika. Njira ya pamtandadza, ya makilomita oposa 25 kuchoka ku Nogodan kukafika ku Cheonwangbong, imatsekedwa kawiri pa chaka poopa moto wolusa: kuyambira chapakati pa Febuluwale mpaka chakumapeto kwa Epulo, komanso chapakati pa Novembala mpaka chapakati pa Disembala. Mu Malichi midzi ya ku Sandong, m'dera lomweli la Gurye, imakhala yachikasu ndi maluwa a mitengo ya sansuyu ndipo mtengo wamaluwa ofiira wa pa Hwaeomsa umakoka ojambula zithunzi ankhaninkhani, koma nthawi imeneyo njira ya pamtandadza imakhala yotseka. Kumapeto kwa Juni ndi mu Julayi kumagwa mvula yamphamvu. Musaiderere, chifukwa m'chilimwe cha 1998 madzi osefukira usiku anapha anthu ambiri omwe anagona m'zigwa za phiri lomweli. Kwa ine nthawi yabwino ndi Meyi kapena Okutobala, ndipo mukapita kumapeto kwa Okutobala mudzapeza chigwa cha Piagol chitafiira ndi masamba.

Zimbalangondo ziliko. Boma linayamba kuzibwezeretsa m'phirili mu 2004 ndipo zaswana. Zimapewa anthu, ndiye mukamatsata njira yovomerezeka n'zokayikitsa kuti mungakumane nazo, koma musalowe m'tchire kufuna njira yachidule. Sungani manambala awiri m'foni: 119 pa ngozi, ndi 1330 yothandiza alendo, komwe amayankha m'Chingelezi.

Lolemba m'mawa mudzasankha pakati pa njira ziwiri. Basi imakwera kukakusiyani ku Seongsamjae, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,100, ndipo kuchoka pamenepo kukafika ku Nogodan ndi ola limodzi m'njira yotakata. M'nyengo yachisanu basiyi siyenda chifukwa msewu umaterera. Njira inayo imayambira kuseri kwa Hwaeomsa, makilomita pafupifupi 7 okwera okhaokha, poyamba m'nsungwi m'mbali mwa mtsinje, kenako m'miyala yoimirira yomwe imatha mpweya ngakhale kwa ozolowera. Popeza mudzakhala mutapuma masiku awiri ndi kudya bwino, ine ndikanakonda mutenge ya ku Hwaeomsa, ndipo tsiku loyambalo musungitse malo pa nyumba ya Nogodan m'malo mokakamira kukafika ku nyumba yotsatira ya Yeonhacheon. Gasi, mpunga wophikaphika ndi zipatso mugule Lamlungu madzulo m'tauni, chifukwa zogulitsa pa nyumba za m'phirizo n'zochepa kwambiri.