Axio yanu itsitseni pang'ono, ndipo masipuling'i musadule

Achimwene, mwafunsa kuti mukufuna kutsitsa galimoto yanu ya Toyota Axio ya 2010 kuti ioneke bwino koma isamagwedeze madamu ndi ana, ndipo wina wakuuzani kuti mungodula masipuling'i ndi gilayinda. Ndiyambire pomwepo: musayerekeze. Ine ndinachitapo zimenezi pa galimoto yanga yoyamba, pa galaja ina yomwe sindiitchula. Tsiku loyamba ndinkangoiyang'ana ndikumwetulira. Pasanathe mwezi, pa hampu iliyonse kutsogolo kunkamveka "gu!" ngati wina wamenya chitini ndi hamala, ndipo tsiku lina titaikweza pa jeke sipuling'i yakumbuyo inali lendelende, kugwedezeka ndi dzanja. Sipuling'i ikadulidwa imauma kuposa kale, komanso siikhazikikanso bwino pampando pake. Ena amaiwotcha ndi moto wa gasi kuti ifupike. Kumeneko ndiye kupha chitsulo, tsiku lina idzathyokera pamsewu.

Chimene chimapangitsa galimoto kuyenda mofewa ndi mpata umene shoko ili nawo woti ilowe ndi kutuluka tayala likaponda dzenje. Mukatsitsa galimoto mwadya gawo la mpata umenewo. Ukatha, galimoto imakagunda kalabala kamene kamakhala pa ndodo ya shoko, kamene amakatcha bump stop, ndipo nkhonya yonse imafika m'msana mwanu. Nchifukwa chake ndikukuuzani kuti mutsitse mamilimita 25 kapena 30 basi. Zikumveka zochepa, koma ndi pafupifupi zala ziwiri pakati pa tayala ndi bodi, ndipo maso amaona. Kupitirira 40 pa misewu yathu ino ndi kudzizunza. Ganizirani mahampu a m'tauni, maenje a nthawi ya dzinja, ndi kamsewu ka kumudzi kokhala ndi msana pakati. Musanagule kanthu, gwadani ndi tepi muyeze kuchokera pansi kufika pa sampu ya oyilo ndi pa ekizozi, kenako muchotsepo 30. Zotsalazo ndi zimene muzidutsa nazo tsiku ndi tsiku, muli anthu asanu ndi thumba la chimanga ku buti.

Tsono zogula. Masipuling'i otsitsira ndi mashoko zigulidwe pamodzi, ngati banja. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amagula masipuling'i abwino n'kuwaveka pa mashoko omwe anabwera ndi galimoto kuchokera ku Japan, otopa kale. Sipuling'i yolimba pa shoko yofooka, galimoto imangodumphadumpha ngati bwato pa mwera, ndipo mashokowo sachedwa kutaya oyilo. Makampani akuluakulu amapanga mashoko afupiafupi opangidwira dala galimoto zotsitsidwa; mwachitsanzo kwa Bilstein, B8 ndi ya galimoto yotsitsidwa pamene B6 ndi ya msinkhu wa ku fakitale. Kumbali ya masipuling'i, Eibach Pro-Kit amadziwika kuti amatsitsa pang'ono, pamene Sportline a kampani yomweyo amatsitsa kwambiri, ndiye amenewo asiyeni. Koma poti yanu ndi ya ku Japan, yambani kufufuza kwa Tein kapena RS-R, makampani a ku Japan komweko, chifukwa iwo amalemba katundu wawo potengera nambala ya chasesi. Yang'anani pa kachitsulo ka nambala ya chasesi: Axio ya 1.5 ya zaka zimenezo ndi NZE141, koma ikakhala yokoka ndi matayala onse anayi ndi NZE144, ndipo zida zakumbuyo sizifanana. Musangouza wogulitsa kuti "Axio". Ngati mungapeze, sankhani masipuling'i a progressive, aja mizere yake ili yothinana mbali imodzi, yotalikirana mbali inayo. Pa timabampu ting'onoting'ono amakhala ofewa, amalimba pokhapokha akapanikizika kwambiri.

Za ma coilover, mashoko aja obwera ndi masipuling'i ake pamodzi okhala ndi mazinga osinthira msinkhu, ndinene mwachidule. Ubwino wake mumasintha msinkhu nokha, ena mpaka kulimba kwa shoko. Koma otchipa opanda dzina aja ndi ouma gwa, ndipo fumbi ndi matope athu zimagwira mazinga ake mpaka sapotokanso. Ngati ndalama sizikukwana kugula a dzina lodziwika, masipuling'i abwino ndi mashoko atsopano akuposa kutali.

Chinanso chimene anthu amanamizira masipuling'i chonsecho wolakwa ndi tayala. Tayala la 195/65 R15 lili ndi mphira wa m'mbali wokwana pafupifupi mamilimita 127. Mukasintha n'kuika 215/45 R17 mwatsala ndi 97 okha. Mphira umenewo ndiye pilo woyamba wa galimoto, ndipo ndi umene umateteza limu ku dzenje. Ngati malimu aakulu akukusowetsani tulo, imani pa 205/55 R16. Kutsitsa galimoto n'kuikanso malimu a mainchesi 17 nthawi imodzi, madamu akana kukwera, ndikukuuzani zoona.

Pa tsiku loika, khalani pomwepo pa galaja. Makaniko aone mabushi, ma ball joint ndi ma top mounting. Chotha chisinthidwe pomwepo poti zonse zamasulidwa kale. Mabawuti a mabushi amangidwe komaliza galimoto itatsika pa jeke, itaponda pansi ndi kulemera kwake, apo ayi labala wake amakhala wopotoka ndipo amang'ambika msanga. Yendani nayo sabata imodzi kapena ziwiri kuti masipuling'i akhazikike, kenako mukapangitse alayimenti. Mukaiwala zimenezi matayala akutsogolo adzadyeka mkati mokha, kunja akuoneka atsopano. Muonetsenso magetsi akutsogolo ngati akuloza bwino.

Ndipo masipuling'i akalewo musagulitse. Amangeni ndi waya muwasunge m'nyumba, chifukwa tsiku lodzagulitsa galimoto ogula ambiri kuno amafuna yokwera. Tumizani chithunzi cha kachitsulo ka nambala ya chasesi ndi saizi ya matayala amene mwavekawo, tikuthandizeni kusankha zenizeni.