Kodi tchaja yamphamvu ingawononge kachipangizo kakang'ono?

FUNSO: Akonzi, ndinagula timahedifoni topanda waya tomwe timatchajidwira m'kabokosi kake, ndipo kunsi kwa kabokosiko kunalembedwa kuti 5V 0.5A. Tchaja ya foni yanga inalembedwa 5V 2A. Mnzanga wina wandiopseza kuti ndikalumikiza kabokosiko ku tchaja imeneyi batire yake ipsa, poti magetsi achuluka kanayi. Kodi zimenezi ndi zoona, kapena ndifunefune tchaja ina ya 0.5A? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Mnzanuyo wakuchenjezani ndi mtima wabwino, koma apa sanalondole, ndipo mungathe kugwiritsa ntchito tchaja yanuyo popanda mantha. Chomwe chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti manambala awiri olembedwa pa tchaja sanena chinthu chimodzi.

Chilembo cha V chikuimira mavolti, omwe ndi ukulu wa mphamvu yokankha magetsi, ndipo nambala imeneyi ndiyo iyenera kufanana pakati pa tchaja ndi chipangizo. Zanuzo zonse zili pa 5V, womwe ndi muyeso wokhazikika wa USB, choncho palibe vuto. Chilembo cha A chikuimira ma ampu, kutanthauza kuchuluka kwa magetsi omwe akuyenda mu waya. Nambala ya 2A sikunena kuti tchajayo imatsanulira magetsi onsewo m'chilichonse chomwe mwalumikiza ayi, ikungonena malire a zomwe ingakwanitse kupereka. Chipangizo ndicho chimakoka magetsi molingana ndi kufuna kwake, monga momwe chitsime chodzadza sichikakamizira munthu wa ndowa yaing'ono kutunga madzi opitirira ndowa yake. M'kabokosi kanuko muli kachipangizo kena kakang'ono kowongolera katchajidwe ka batire, kamene kamalola magetsi osapitirira 0.5A ndipo kamadula batire ikadzadza. Mukachulukitsa mavolti ndi ma ampu mumapeza mawati: tchaja yanu ingapereke mawati 10, kabokosiko kamafuna 2.5 okha, ndiye tchajayo igwira ntchito mosavutika komanso mosatentha.

Pofunika kusamala kwenikweni ndi pamene zinthu zatembenuka, chipangizo n'kumafuna magetsi ambiri kuposa omwe tchaja ingakwanitse. Tabuleti yofuna 2A mukailumikiza ku tchaja ya 0.5A, mavolti amatsika, batire imadzadza mochedwa kwambiri kapena osadzadza n'komwe ngati mukuigwiritsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo tchaja ikakhala yosapangidwa bwino imatentha chifukwa ikugwira ntchito yoposa msinkhu wake. N'chifukwa chake foni imachedwa kudzadza pa kompyuta, pakuti malo olumikizira a USB 2.0, omwe anabwera m'chaka cha 2000, amapereka 0.5A, pomwe a USB 3.0 a m'chaka cha 2008 amafika pa 0.9A basi.

Mwina tsiku lina mudzagwira tchaja yothamanga yomwe yalembedwa mizere ingapo, monga 5V 3A, 9V 2A ndi 12V 1.5A, ndipo manambala a 9 ndi 12 angakuchititseni nthumanzi. Matchaja otere, kaya amatsata njira ya USB Power Delivery kapena ya Quick Charge ya kampani ya Qualcomm, amayambira pa 5V nthawi zonse ndipo amakweza mavolti pokhapokha chipangizocho chitapempha chokha kudzera mu waya. Timahedifoni, tochi kapena wotchi ya pamkono zomwe sizidziwa kupempha zimangolandira 5V. Komabe ngati kabuku komwe kanabwera ndi chipangizo chanu kakuletsa matchaja othamanga, mverani opangawo, chifukwa ndiwo akudziwa zomwe anaika mkatimo.

Ine chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matchaja achinyengo, omwe manambala ake ndi ongolemba. Mukainyamula tchaja yotere imapepuka modabwitsa, zilembo zake zimafufutika mukangopaka chala, imalira ngati udzudzu ikakhala pa soketi, ndipo nthawi zina foni imayamba kudzidina yokha kapena kukana kumvera chala pamene ikutchajidwa. Zizindikiro zimenezi zikusonyeza kuti magetsi omwe ikutulutsa ndi osakhazikika, ndipo zoterezi ndizo zimapha mabatire komanso kuika moyo wa munthu pachiswe. Tchaja ikamatentha moti simungaigwire, kapena ikamanunkha pulasitiki wopsa, izuleni ndipo musaigwiritsenso ntchito.

Pali zinthu zina ziwiri zomwe eni tizipangizo ting'onoting'ono amakumana nazo n'kuganiza kuti katundu wawo wafa. Tina mwa tizipangizo tokhala ndi kabowo ka USB-C sititchajika ndi waya wa USB-C mbali zonse, chifukwa opanga sanaikemo tiziwalo timene timadziwitsa tchaja kuti pali chinthu cholumikizidwa, ndiye tchajayo siitulutsa magetsi konse. Mukasintha n'kuika waya wokhala ndi mutu waukulu wa USB-A mbali imodzi, kutchaja kumayamba. Chinanso ndi cha power bank, yomwe imatha kuzima yokha pakangopita kanthawi chifukwa timahedifoni timakoka magetsi ochepa zedi moti iyo imayesa kuti palibe chomwe chalumikizidwa. Zina mwa izo zili ndi njira yapadera yotchajira tizipangizo totere, yomwe kawirikawiri imayatsidwa podina batani kawiri kapena kulikanikiza kwa kanthawi, ndipo kabuku kake kamafotokoza kachitidwe kake.