"Kodi akundiyesa wachipongwe?" Kuyankha bambo amene akakamizidwa kuchita kosi yopewa nkhanza pa yunivesite

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena amene angoyamba kumene digiri yachiwiri pa yunivesite ina ku America. Kumeneko awapatsanso ntchito yothandizira mphunzitsi, kuchonga mapepala ndi kutsogolera timagulu ta ophunzira a chaka choyamba. Dzina lawo sinditchula. Mwachidule analemba kuti: "Anditumizira uthenga woti ndichite kosi ya pa intaneti yopewa kusalana pakati pa amuna ndi akazi komanso nkhanza zokhudza kugonana. Akuti ndikapanda kumaliza pa tsiku limene aika, sandilola kulembetsa maphunziro a temu ikubwerayi. Ine ndili pabanja, ndili ndi ana aakazi awiri, sindinalakwirepo mwana wa munthu. Kodi akundiyesa wachipongwe? Nanga kosi yotereyi imathandizadi, kapena ndingodinadina mpaka ithe?"

Achimwene, mtima pansi kaye. Palibe amene wakunenezani. Uthenga umene mwalandirawo waugwiranso mtsikana wa zaka 18 amene wangolowa kumene, waugwira pulofesa waimvi, waugwira mayi wa ku laibulale. Koma chonde musangodinadina. Ndikuuzani chifukwa chake, ndipo chifukwacho si chimene mukuganiza.

Tiyambe ndi kumene zinachokera, poti munthu ukadziwa gwero la chinthu sumachiona ngati chipongwe. Mu 1972 dziko la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, limene Pulezidenti Richard Nixon analisainira pa 23 June chaka chimenecho. Mtima wa lamuloli ndi chiganizo chimodzi chokha cha mawu 37, chonena kuti munthu asasalidwe kapena kumanidwa mwayi chifukwa choti ndi mkazi kapena mwamuna pa sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma. Analimenyera nkhondo ndi aphungu a nyumba ya malamulo ngati Patsy Mink, Edith Green ndi Birch Bayh. Mayi Mink ankafuna kukhala dokotala, koma sukulu zaudokotala zinawakana imodzi ndi imodzi, mpaka anatembenukira ku zamalamulo. Ankadziwa ululu wa chitseko chotsekedwa.

Poyamba lamuloli silinkatchula nkhanza zokhudza kugonana. Anazilowetsamo ndi ophunzira ena a pa Yale amene anasumira sukulu yawo mu 1977. Mlanduwo sanapambane, koma khoti linavomereza mfundo yaikulu yakuti mphunzitsi akamasinthanitsa malikisi ndi thupi la wophunzira, kumeneko n'kusala mkazi pa maphunziro. Kenako kunabwera imfa ya Jeanne Clery, mtsikana wa zaka 19 amene anagwiriridwa n'kuphedwa ndi wophunzira mnzake m'chipinda chake chogona pa Lehigh University, ku Pennsylvania, mu April 1986. Makolo ake atafufuza anapeza kuti pa sukulupo panachitika kale zachiwawa zambiri zimene ophunzira ndi makolo sanauzidwe. Sanalire n'kungokhala. Khama lawo linabala lamulo la mu 1990, lodziwika lero ndi dzina la mwana wawoyo, limene limakakamiza mayunivesite kufalitsa chiwerengero cha milandu chaka chilichonse pofika pa 1 October. Mu 2013 analiwonjezera kuti sukulu zizipereka maphunziro opewa nkhanza kwa ophunzira atsopano ndi antchito atsopano. Kosi yanuyo ndi mdzukulu wa malamulo amenewa. Kumbuyo kwa mavidiyo otopetsawo kuli maliro enieni.

Tsopano funso lanu lachiwiri, ngati imathandiza. Sindikunamizani. Kosi ya ola limodzi kapena awiri siingasinthe mtima wa munthu amene watsimikiza kuzunza mnzake. Mu 2016 bungwe la boma la America loona za chilungamo pa ntchito, EEOC, linatulutsa lipoti lovomereza poyera kuti ambiri mwa maphunziro otere, pa zaka 30 zapitazo, sanathandize kwenikweni kupewa nkhanza, chifukwa ankangolimbana ndi kuteteza olemba ntchito ku milandu. Ndiye ngati mukumva kafungo koti sukulu ikufuna kusamba m'manja kuti mawa idzati "tinawaphunzitsa", mphuno yanu sikukunamizani. Zimenezo zimandipweteka ine, chifukwa nkhani yolemera chonchi siyoyenera kusanduka kabokosi kochonga.

Komabe lipoti lomwelo linaona chiyembekezo pa mtundu wina wa maphunziro, wophunzitsa munthu woona zinthu zikuchitika kuti achitepo kanthu. Apa ndi pamene nkhaniyi ikukhudza inu mwachindunji. Inu mwawerenga uthengawo ngati woimbidwa mlandu. Uwerengeninso ngati munthu amene tsiku lina wina adzamuthawira.

Tayerekezani. Kalasi yatha, ana atuluka, inu mukulongedza laputopu. Mtsikana mmodzi watsalira, akungotsegula ndi kutseka zipi ya chikwama chake. Mwamufunsa chifukwa chimene sanabweretse ntchito ya sabata yatha. Wayang'ana pansi, kenako akuti, "Pali zimene ndikufuna ndikuuzeni, koma musauze munthu." Achimwene, pa mphindi imeneyo mudzanena chiyani? Mtima wanu wabwino udzafuna kulonjeza kuti simuuza munthu. Koma pa mayunivesite ambiri ku America, wogwira ntchito yophunzitsa, kuphatikizapo othandizira ngati inu, amalamulidwa kukanena ku ofesi ya Title IX Coordinator, mkulu woona kuti lamulo lija likutsatidwa pa sukulupo, akangomva za nkhanza zotere. Mukalonjeza chinsinsi chimene simungasunge, mwana uja adzamva kuti waperekedwa kawiri. Kosiyo ikuphunzitsani kumuimitsa mwaulemu asanafotokoze, n'kumuuza kuti mwakonzeka kumumvetsera, koma ntchito yanu ikukukakamizani kukadziwitsa ofesi yakutiyakuti, ndipo ngati akufuna woti amusungire chinsinsi, alipo alangizi a zamaganizo, a kuchipatala cha pa sukulu, ndi atsogoleri a mapemphero. Mukatero mwamubwezera mphamvu yosankha, chinthu chimene womuzunza uja anamulanda.

Ndikulemba izi mtima ukundiwawa, chifukwa ine ndinalephera pa mphindi ngati imeneyo. Ndili pa sukulu, mnzanga wapamtima anandiuza usiku wina, titakhala pa masitepe a laibulale, kuti mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wake ankamuitanira ku ofesi madzulo anthu ataweruka, ndipo dzanja lake silinkakhala pa pepala. Ankalankhula akupindapinda risiti yakale mpaka inang'ambika. Ine ndinamuuza kuti, "Ingopirira, watsala pang'ono kumaliza." Ndinkaganiza kuti ndikumuteteza. Sanamalize. Temu yotsatira sanabwerenso. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti ndikanadziwa khomo loti ndimuperekezeko, kodi bwenzi ali kuti.

Mbali ina imene ndikupemphani muimvetsere bwino ndi ya mphamvu. Mwina inu mumadziona ngati wophunzira wamba wosowa ndalama ya lendi, koma kwa mwana wa chaka choyamba ndinu munthu wogwira cholembera chimene chingamugwetse. Mukamuuza kuti wavala bwino, kapena kumuitanira khofi awiriwiri, kapena kumulembera uthenga pakati pa usiku, iye sayankha ngati mfulu. Amayamba wawerengera malikisi ake. Akhoza kuseka pamene mumtima akunjenjemera. N'chifukwa chake sukulu zambiri zimaletsa chibwenzi pakati pa wophunzitsa ndi wophunzira amene akumuyang'anira, ngakhale onse atati agwirizana. Si kuti akukayikira khalidwe lanu. Akudziwa kuti "ayi" amavuta kutuluka m'kamwa mwa munthu amene tsogolo lake lili m'manja mwa wofunsayo. Ndipo nthabwala zimene amuna amaponyerana m'labu, zonena za matupi a akazi kapena zoti masamu si a atsikana, zikamabwerezedwa tsiku ndi tsiku zimathamangitsa munthu m'kalasi popanda womugwira n'komwe.

Za kuvomera kugonana mudzazimva kwambiri m'kosimo. Boma la California linakhazikitsa mu 2014 lamulo loti mayunivesite ake azitsata mfundo yakuti kuvomera kuzikhala koonekeratu, kuti kukhala chete si kuvomera, kuti woledzera kwambiri kapena wogona sangavomere, ndiponso kuti amene wavomera akhoza kusintha maganizo nthawi iliyonse. Sukulu zambiri m'madera ena zinatengera mfundo yomweyo. Inu wapabanja mwina mukuti sizikukukhudzani, koma ana anu awiri aja akukula, ndipo mawu amenewa mudzawafuna.

Dziwaninso kuti malamulowa sateteza akazi okha. Mwamuna akachitidwa nkhanza ali ndi ufulu wofanana wodandaula. Woimbidwa mlandu nayenso ali ndi ufulu wodziwitsidwa, woona umboni, ndi wokhala ndi womulangiza. Ndondomeko za kafufuzidwe ka milanduyi zakhala zikusinthasintha malinga ndi boma lolamula: zinasintha mu 2020, zinasinthanso mu 2024, ndipo mu January 2025 khoti lina ku Kentucky linathetsa za 2024 zija. Ndiye musadalire zimene anakuuzani mnzanu amene anachita kosiyi zaka zitatu zapitazo. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene sukulu zambiri zimaibwerezera chaka ndi chaka.

Chinthu chimene ambiri sadziwa, ndipo ndikanakonda ndikanachidziwa usiku uja pa masitepe, n'chakuti wovutikayo akhoza kuthandizidwa ngakhale asanatsegule mlandu. Akhoza kusinthidwa kalasi kapena chipinda chogona, kuwonjezeredwa masiku operekera ntchito, kapena kupatsidwa kalata yoletsa winayo kulankhula naye. Kubwezera munthu chifukwa wadandaula, kapena chifukwa wachitira umboni, nakonso ndi mlandu pawokha. Anthu ambiri amakhala chete poopa kuti akangotsegula pakamwa ndiye kuti khoti layamba. Munthu mmodzi wodziwa kuti sizili choncho akhoza kusunga mwana pa sukulu.

Kunena za chiopsezo chija choti sakulolani kulembetsa, n'choona, sukulu zambiri zimatsekadi, ndiye musadikire tsiku lomaliza. Ngati zina mwa zimene zili m'kosimo zingakutsegulireni bala lakale, lemberani ofesi imene yatumiza uthengayo, poti sukulu zambiri zili ndi njira ina yochitira kosiyi kwa anthu amene anakumanapo ndi nkhanza.

Pezani madzulo amodzi ana atagona, muikepo mtima, cholembera chili m'manja. Ikafika pa tsamba la maina a maofesi ndi manambala a foni, imani kaye. Lembani dzina la Title IX Coordinator wa pa sukulu yanu, nambala ya alangizi osunga chinsinsi, ndi nambala yoimba usiku. Kapepalako kaikeni m'thumba la laputopu, momwe dzanja lanu lingakapeze msanga mtsikana wa zipi uja akadzatsalira m'kalasi.