Sitima yamagetsi mu tauni, ndalama zake zichokera kuti?

FUNSO: Akonzi, khonsolo ikati tikufuna kumanga sitima zamagetsi zoyenda mkati mwa mzinda, pomwe zinyalala sizikutoledwa n'komwe, ndalama zake imazitenga kuti? Si maloto chabe amenewa?

YANKHO: Funso lanuli ndi lenileni achimwene. Ndalama yomangira njanji nthawi zambiri siichokera mu bajeti ya chaka ndi chaka ya khonsolo ayi, imachokera ku boma lalikulu kapena ngongole zobweza zaka zambirimbiri. Mwachitsanzo, sitima yamagetsi ya ku Addis Ababa, likulu la Ethiopia, inayamba kuyenda mu 2015, inadya pafupifupi madola 475 miliyoni ndipo gawo lalikulu inali ngongole yochokera ku Exim Bank ya China.

Koma chomwe chimandidetsa nkhawa ine ndi cha pambuyo pake. Njanji ikatha pamafunika magetsi tsiku ndi tsiku, malipiro a oyendetsa, masipeya a mabuleki ndi mawilo omwe amadyeka pa makona, ndiye ndalama ya matikiti payokha siikwana pafupifupi kulikonse, mpata wotsalawo umatsekedwa ndi misonkho, monga msonkho wa nyumba ndi malo, womwewo womwe umalipira galimoto yotola zinyalala mukunenayo. Ku Addis komweko masitima ambiri anadzaima chifukwa chosowa masipeya.

Ndiye bajeti ikamakambidwa pa msonkhano wa khonsolo, pitani mukafunse makhansala kuti akuyembekezera okwera angati pa tsiku, komanso ndalama yoyendetsera chaka chilichonse ailemba pa mzere uti. Muwafunsenso ngati anayerekeza ndi mabasi oyenda mu msewu wawowawo, amenewo kumanga kwake n'kotchipa.