Kodi mlongo wanu adikire ulusi wolumikizira mitsempha?

Mayi wina wa ku Lilongwe wanditumizira imelo. Mlongo wawo anachekedwa ndi lata pamkono, chakufupi ndi chikhatho, akufolera nyumba. Bala linapola, koma papita miyezi itatu chala chaching'ono ndi chinzake chotsatana nacho zili dzanzi, ndipo dzanja likufooka. Anaona kanema pa Facebook wonena za nanofibre, ulusi wowonda kwambiri womwe akuti ungalumikize mitsempha yoduka, ndiye akufunsa ngati adikire chithandizochi kapena asonkhe ndalama akachifune kunja.

Mayi, musadikire. Ndifotokoze chifukwa chake.

Tikati mtsempha pano sitikunena wa magazi ayi, koma wonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi. Ukaduka, mbali yakumunsi imafota, zimene katswiri wina, Augustus Waller, anazifotokoza mu 1850. Mbali yakumtunda ndiyo imaphukira, koma mwapang'onopang'ono zedi, pafupifupi milimita imodzi patsiku. Ndipo imaphuka ngati nyemba zoyanga: ikapanda poyanga imangopiringizana pamalo amodzi, n'kupanga kachotupa kopweteka.

Nsonga ziwirizo zikakhala pafupi, dokotala amangozisoka. Pakakhala mpata, amadula kamtsempha kakukatumba kotchedwa sural n'kuikapo ngati mlatho, ngakhale kuti m'mbali mwa phazi mumatsala dzanzi. Palinso timachubu, monga NeuraGen, koma timathandiza pampata waung'ono, wosapitirira masentimita atatu.

Apa ndi pomwe nanofibre imabwerera, ndipo kunena zoona imandisangalatsa. Akatswiri amasungunula pulasitiki yotha kusungunuka yokha m'thupi, monga PCL, n'kuikoka ndi magetsi amphamvu kwambiri mpaka isanduke ulusi wowonda kuposa wa kangaude, woti tsitsi limodzi limauposa kunenepa maulendo oposa 100. Njirayi amaitcha electrospinning, ndipo si yatsopano. Anton Formhals anailembetsa mu 1934. Chanzeru n'chakuti ulusiwo amaukulunga pa gudumu lozungulira mwaliwiro kuti wonse uloze mbali imodzi. Maselo a Schwann, omwe amatsogolera ndi kudyetsa mtsempha womera, amayenda motsata ulusiwo, mtsemphawo n'kumatsatira pambuyo osasochera. Kuli ngati kuzikira nyemba zija timitengo.

Mwina kanema munaonayo anali wa ntchito ya Samuel Stupp wa ku Northwestern University ku America. Mu 2021 gulu lake linabaya ulusi wamtundu wina, wamadzimadzi, m'mbewa zovulala msana, ndipo patatha milungu inayi zinayamba kuyenda. Koma izo ndi mbewa, komanso ndi msana. Kafukufuku wambiri wa mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo wachitikira pa makoswe, pampata wa sentimita imodzi kapena kupitirira pang'ono. Mkono wa munthu ndi wautali, ulendo wake ndi wina.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi minofu. Ikakhala osalandira mauthenga kwa chaka kapena chaka ndi theka, imafota moti ngakhale mtsempha ufike, siidzukanso bwino. Werengani nokha: miyezi itatu yapita kale, ndipo akasokedwa mtsemphawo udzafunikabe miyezi kuti ukwawe mpaka kuzala.

Zala mwatchulazo zikuloza ku mtsempha wa ulnar. Pitani nawo kuchipatala sabata ino, mukapemphe kalata yowatumiza kwa madokotala a mafupa ndi mitsempha, monga a kuchipatala cha LION pa Kamuzu Central. Mukanene tsiku lenileni limene anavulala. Pakadali pano aziwongola zalazo tsiku lililonse kuti zisakhwinyate, ndipo asamale ndi moto ndi madzi otentha, poti angapse osamva.